TV yalanda madzulo pakhomo panga, inu kwanu mumayendetsa bwanji?

NaPhiri_Santhe
Odi pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya pakhomo panga, ndithandizeni maganizo. Titagulitsa soya ndi kafodya kathu chaka chatha, bambo a ana anagula sola, batire, TV ndi dikoda. Tonse tinakondwa. Koma panopa madzulo athu asokonekera. Nsima ikapsa palibenso wokhala pamphasa, aliyense amanyamula mbale yake n'kukakhala moyang'ana kanema. Apongozi anga aakazi, amene tikukhala nawo chimwalirire abambo, ali ndi sewero lawo la Amwenye limene saphonya. Bambo akufuna mpira ndi nkhani. Ana akufuna makatuni. Mtsikana wanga wamkulu ali Sitandade 8, mayeso ayandikira, koma kope amalitsegula maso ali kwina. Mnyamata wanga ali ndi khola la nkhunda lomwe ankalikonda kwabasi, lero mpaka ndichite kumukumbutsa kuti nkhunda zilibe madzi. Kugulitsa TV sindikufuna ayi. Ndikufuna kumva za kwanu. Rimoti amasunga ndani? Mumazimitsa nthawi yanji?

Maule_Chatoloma
Rimoti amasunga amene anagula TV. Kwathu ndi choncho ndipo sitikangana.

Mayi_wa_Mapasa
A Maule, simukangana chifukwa enawo angokhala chete, osati kuti akondwa. Soya akunenedwayo anabzala ndani? Anapalira ndani, anamenya ndani? Ndalama ya m'munda ndi ya banja lonse. TV imeneyo ndi yawonso mayiwa.

Mphunzitsi_KU
Mayi, ndiyambe ndi wa Sitandade 8, poti ndiye amene nthawi ikumuthera. Ndimaphunzitsa pulayimale kuno ku boma, ndipo mwana amene wagona mochedwa timamudziwa tisanamufunse. Ola loyamba amangoyasamula, masamu akudutsa. Mayeso amenewa si ongokhoza basi, ndi amene amasankhira ana opita ku sekondale, ndipo malo ndi ochepa. Mwana wokhoza bwino ndi wongokhoza chabe amapita kosiyana.

Kuwerenga m'chipinda momwe TV ikulankhula n'kosatheka, ngakhale kwa ife akuluakulu. Koma kumuthamangitsira kuchipinda yekha ena akuseka pabalaza sikuthandizanso. Khutu lake limatsala pabalaza pomwepo, ndipo kuwerenga amayamba kukuona ngati chilango. Chimene ndaona chikugwira ntchito m'mabanja ena n'chakuti nyumba yonse izimitse mukangotha kudya, ola limodzi kapena ola ndi theka. Nyali ipite patebulo. Ang'onoang'ono azijambula kapena kulemba homuweki yawo, bambo atenge mapepala a mayeso akale azimufunsa mafunso. Safunika kudziwa mayankho onse, kukhalapo kwawoko n'kumene kumamulimbitsa mwana. Akamaliza muyatse. China, lamulo limeneli alinene ndi bambo pamaso pa amayi awo, lisaoneke ngati mtengwa wayamba kulamula apongozi.

NaPhiri_Santhe
Zikomo aphunzitsi. Vuto ndi lakuti ola mukunenalo ndi lomwe sewero la apongozi limayamba. Pakamwa panga sipangatuluke mawu oti amayi zimitsani.

Nachisale_Chulu
Mwana wanga NaPhiri, inenso ndine mpongozi wa munthu, ndiye ndiwalankhulireko anzangawo. Musawalande. Munthu akaferedwa mwamuna usiku umatalika. Anzake ocheza nawo ena anatsogola, ena miyendo sikuwalolanso kuyenderana. Anthu a m'sewerowo amasanduka odziwana nawo, amawadera nkhawa, amawakalipira, tsiku limatha. Inu mukuona ngati n'zachibwana, koma kwa iwo ndi macheza.

Koma njira ilipo. Masewero ambiri amenewo amawabwereza masana tsiku lotsatira. Uzani mnyamata wanuyo ayang'ane pa ndandanda ya dikoda. Masana ana ali kusukulu, nyumba ili zii, aonera bwino kuposa usiku. Ndipo musapite ndi lamulo. Mukhale nawo pansi muwauze kuti amayi, mkazi mnzanuyu akufuna akhoze mayeso, tithandizeni. Mdzukulu ndi mtima wa gogo. Mudzaona okha akutenga rimoti n'kuzimitsa.

Mayi_wa_Mapasa
Apa agogo mwalasa. Ndatolapo nanenso.

Sola_Nkhamenya
Ndilowepo pa mbali ya batire, poti ndiyo ntchito yanga. Anthu ambiri kuno amapha batire ndi TV osadziwa. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga mphamvu pafupifupi 1,200 tikawerengera mawati pa ola, koma ngati ndi ya asidi simuyenera kuimwa kupyola theka. Ndiye yanu yeniyeni ndi 600 basi. TV ya LED ya mainchesi 32 pamodzi ndi dikoda zimadya cha m'ma 50 kapena 60 pa ola. Onjezani mababu, mafoni a nyumba yonse ndi a maneba, komanso inveta imene nayo imadya yake ngakhale mutazimitsa TV. Mukamaonera mpaka kanema azime yekha tsiku ndi tsiku, batire siyikhalitsa, ndipo mtengo wake mukuudziwa.

Ndiye a NaPhiri muli ndi wokuthandizani amene sakondera munthu, kontirola ija, kabokosi kolumikiza panelo ndi batire. Manambala a mavoti akatsika kufika cha m'ma 12.1 ndiye kuti theka lapita, zimitsani. Bambo mukawauza za sukulu mwina anyalanyaza, koma mukawauza kuti batire ifa amva msanga. Za agogo kuonera masana n'zabwino, makamaka dzuwa likapendeka pang'ono batire itadzaza kale. Mu January ndi February mitambo imachuluka, chepetsani maola. Nthawi ya fumbi pukutani panelo ndi kansalu konyowa m'mawa lisanatenthe.

Dalaiva_wa_M1
A Sola, nanga batire ya galimoto singagwire? Ndili nayo ina yangokhala.

Sola_Nkhamenya
Igwira masiku ochepa. Ya galimoto anaipangira kulizira injini kamodzi n'kudzazidwa nthawi yomweyo, osati kumwedwa pang'onopang'ono usiku wonse. Funani yolembedwa deep cycle.

Noma_wa_ku_Mtunthama
Lamulo lozimitsa likhalepo, koma mpira musaukhudze. Ndipo mpira wa ku Ulaya wa pakati pa sabata sulimbana ndi mwana wowerenga. Masewero akuluakulu a Champions League amayamba 9 koloko usiku, ndipo kukazizira kwawoko amayamba 10 koloko nthawi yathu. Ana agone, bambo aonere motsitsa mawu. Loweruka ndi Lamulungu masana ndi za Super League, pamenepo nyumba yonse ionere Manoma.

Maule_Chatoloma
Nyumba yonse ionere Bullets. Ana tisawaphunzitse kudandaula akadali aang'ono.

Noma_wa_ku_Mtunthama
Tikumana pa derby a Maule, sungani mawuwo.

Mlimi_wa_Mtedza
Mwayamba za Blantyre tsopano. Mayiwa afunsa za banja.

Dalaiva_wa_M1
Koma pa mpira pomwepo pali china choti tinene, a Mlimi. TV siyingogawanitsa anthu, imasonkhanitsanso. Ndani waiwala January wa 2022, Flames ili ku mpikisano wa AFCON ku Cameroon? Tinagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse za Gabadinho Mhango, kenako kufanana mphamvu ndi Senegal osagoletsana. Tsiku la Morocco kwathu kumudzi nyumba ya TV inali imodzi, mwini wake anatulutsa kanema pakhonde. Kunali azimayi, agogo, ana, ngakhale anthu amene anali asakulankhulana chifukwa cha malire a munda. Gaba ataponya chija cha kutali chija anthu anakumbatirana osayang'ana kuti uyu ndani. Tinagonja 2-1 koma anthu anabalalika akuyimba. Ndiye ine ndimati choipa si kanema. Choipa n'chakuti aliyense akufuna zake payekha. Pezani chinthu chimodzi pa sabata choti muzionera nonse, muzikambirana pambuyo pake.

Mkazi_wa_Telala
Ine ndinena mosabisa, TV inandibwezera mwamuna pakhomo. Kale mpira ankakaonera ku bala. Wapita 4 koloko, abwera pakati pa usiku, ndalama ya zovala za anthu yathera komweko. Chigulire dikoda amaonera pakhomo, ana ali pamiyendo, tiyi ali pambali. Mwezi ukatha ndine amene ndimakumbutsa kuti tilipire. A NaPhiri, pokonza zinthu samalani musachite kuti bambo ayambe kukaonera kwina.

NaPhiri_Santhe
Zimenezo ndaziganizirapo asisi. Pa Santhe malo oonetsa mpira ndi ambiri, sindikufuna kuwakankhira kumeneko.

Mayi_wa_Mapasa
Ali pakhomo inde, koma foni ili m'manja akubetcha. Wanga thupi limakhala pampando, mtima uli pa tikiti. Timu imodzi ikamuphera tikiti, nyumba yonse tisalankhule. Mwana wanga wa Folomu 2 wayamba kudziwa matimu a mayiko amene sangawaloze pa mapu, ndipo si chifukwa chokonda mpira. Izi zikundiopsa kuposa makatuni.

Maule_Chatoloma
Apo ndikugwirizana nanu mayi. Kubetcha pamaso pa ana ayi. Ine mpira ndimaukonda koma ndalama yanga siyipita kumeneko.

Mlangizi_wa_Zaumoyo
Ndiwonjezere za ana ang'onoang'ono, poti tikamayenda m'midzi tikuziona. Bungwe la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa kanema, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi pa tsiku. Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa. Akati "amama" wina ayankhe, akaloza nkhuku wina amuuze kuti ndi nkhuku. Kanema amalankhula koma sayankha. Ndikudziwa kuti mayi akamaphika n'kosavuta kumukhazika mwana pa makatuni kuti asayandikire mbaula, sindikuweruza munthu. Koma ngati pali mkulu wake kapena agogo, bola asewere naye panja. China ndi chakudya. Mwana akamadya maso ali pa TV mayi sadziwa ngati wadya mokwanira. Pamphasa mumaona kuti uyu lero wangotsina pang'ono, mwina thupi latentha.

Chitete_Girl
Koma makatuni akuthandiza Chingerezi. Kamng'ono wanga ka Sitandade 2 kakulankhula bwino kuposa ine. Musangowanyoza.

Mphunzitsi_KU
Akuthandizadi kumva ndi kutchula, sindikana. Koma kulemba ndi kuwerenga sakuthandiza. Ndili ndi ana olankhula bwino zedi amene chiganizo chimodzi cholondola sangalembe. Ndipo pa mayeso pali Chichewa, masamu ndi sayansi. Aonere, koma buku lisasiyidwe.

Mkulu_wa_Mpingo_Wimbe
Pali nkhani imene tonse tikuizemba. Mwambo wathu umapatsana ulemu pakati pa munthu ndi apongozi, pakati pa bambo ndi mwana wamkazi amene wakula. Kale sankakhala n'komwe malo amodzi momasuka. Lero tonse tili pabalaza limodzi, ndiye mwadzidzidzi pa kanema anthu ayamba zakuchipinda. Wina ayang'ana pansi, wina anamizira kukatunga madzi, wa rimoti manja akunjenjemera. Ana ndiye amaona zonse, ndipo amaonanso kuti akuluakulu asowa chonena. Nyimbo zina za masiku ano kavalidwe ndi kavinidwe kake si koonera ndi apongozi. Madikoda ambiri ali ndi pobisira matchanelo ndi nambala yachinsinsi, ndipo filimu ikamayamba amalemba zaka zoyenera pakona, 13, 16 kapena 18. Makolo tiphunzire kugwiritsa ntchito zimenezo. Tisasiyire mwana kuti ndiye azidziwa dikoda kuposa ife, mpaka nambalayo aziika ndi iyeyo.

Chitete_Girl
Abambo, ndi ulemu wonse, mukutseka khomo pomwe zenera lili pululu. Zimene mukuopa pa TV zili pa foni, pa TikTok ndi Facebook, ndipo kumeneko mwana amaonera yekha atafunda bulangete. Bola TV ili poyera, mukuona chimene akuonera. Ife achinyamata ambiri TV tinaisiya, bandulo ikakhalapo basi.

Mkulu_wa_Mpingo_Wimbe
Wanena zoona mwanawe. Koma kutseguka kwa zenera si chifukwa chosiyira khomo. Titseke zonse. Kwanga mafoni a ana amagona kuchipinda kwanga.

Wa_ku_Mkanda
Moni a ku Kasungu, ndine mlendo wanu wa ku Mchinji. Achinyamata mwina sadziwa kuti zinthuzi n'zadzana. Nthawi yonse ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake. TVM inayamba mu 1999. Ife a m'malire tinali ndi mwayi pang'ono, amene anali ndi TV ankamangirira eriyo kunsungwi yaitali n'kumakola ya ku Zambia, zithunzi zili mchenga wokhawokha, mwana mmodzi ali panja akupotoza nsungwi, am'nyumba akukuwa kuti pomwepo, pomwepo. Enafe madzulo athu anali a wailesi. Bambo ankaika wailesi pampando, tonse pansi, kumvera sewero kapena nkhani za m'maboma. Kusiyana kwake n'kwakuti wailesi imasiya maso ndi manja omasuka. Amayi ankasenda mtedza, bambo ankaluka mphasa, ife tikutonola chimanga. Lero MBC, Times, Zodiak, Mibawa, Luntha, ndi za kunja zosawerengeka, koma ntchito za manja za madzulo zija zafa.

Mlimi_wa_Mtedza
Sizinafe konse achimwene, kwanga zilipo. Nthawi yokolola lamulo ndi lakuti wofuna kuonera akhale ndi lichero pamiyendo. Timayala mphasa pabalaza, thumba la mtedza pakati. Sewero likamatha ndowa yadzaza. Mtedza wa mbewu ndimafuna wosenda ndi manja chifukwa makina amaswa ndi kusupula khungu, ndiye TV yandithandiza kupeza aganyu aulere, ngakhale ana a maneba amabwera okha. A NaPhiri yesani, ngakhale apongozi adzakondwa kuti manja awo akugwirabe ntchito. Kusankha fodya kokha ndiye ayi, kumafuna kuwala kwa masana ndi maso onse, mukapanda kutero mukalira ku okushoni ya ku Chinkhoma.

NaPhiri_Santhe
Ili ndalikonda. Chimanga chathu sitinatonole chonse.

Mayi_wa_Mapasa
Funso limodzi kwa nonse. Pamene ena akuonera, mbale akutsuka ndani? Ndikufunsa chifukwa m'nyumba zambiri mtsikana ndi amene amaphika, kupakula, kutsuka, kuwiritsa madzi osamba, anyamata miyendo ili patebulo. Akamaliza watopa, ndiye timuuze kuti werenga. Akafuna kuonerako pang'ono timati TV yamuwononga. A NaPhiri, mtsikana wanu wa Sitandade 8 uja amaweruka nthawi yanji kukhitchini?

NaPhiri_Santhe
Amandithandiza kuphika ndi kutsuka, amamaliza mdima utagwa kale. Mlongo wakeyo ntchito yake ndi mbuzi ndi nkhunda.

Mayi_wa_Mapasa
Ndiye poyambira ndi pamenepo. Mpaka mayeso adutse, mbale atsuke mnyamata.

Maule_Chatoloma
Mnyamata kutsuka mbale alongo ake alipo? Kwathu sizinachitikepo. Aliyense ali ndi ntchito zake, mnyamata amadula nkhuni, amapita kudimba.

Mphunzitsi_KU
A Maule, nkhuni sadula usiku uliwonse, koma mbale zimada usiku uliwonse. Anyamata omwewo akapita ku sekondale yogonera amatsuka mbale zawo ndi kuchapa okha, palibe chimawachitikira. Atsikana ambiri amene amatsalira m'kalasi mwanga si ofooka mutu, ndi otopa.

Nachisale_Chulu
Ana anga aamuna onse ndinawaphunzitsa kuphika nsima. Lero akazi awo akadwala ana sagona ndi njala. Palibe mwambo umene unasweka.

Nkhunda_Kaomba
Ine mtima wanga uli pa mnyamata wa nkhundayo. Mayi, nkhunda sizipirira kunyalanyazidwa. Zikasowa madzi ndi chakudya pakhomo zimasamukira kwa neba amene akuzisamala, ndipo sizibwerera. Akuluakulu amanenanso kuti nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano, ndiye za rimotizo zitheretu.

Mwana ameneyo musamukalipire, mupatseni chifukwa chobwerera kukhola. Nkhunda imaikira mazira awiri, yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira, pakatha masiku 17 kapena 18 aswa. Maunda pakatha mwezi akhala oti n'kudya kapena kugulitsa. Muuzeni kuti ndalama ya maunda ndi yake, agulire makope, nsapato za mpira, kapena aonjezere pa yolipira dikoda kuti nayenso akhale ndi mawu pa tchanelo. Mupatseni kope azilemba kuti iyi yaikira liti, yaswa liti, ndagulitsa zingati. Amenewo ndi masamu kale. M'mawa asanapite kusukulu awaze gaga kapena mapira, asinthe madzi, madzulo aziwerenge zikamalowa. Khola likhale pamwamba, mizati yake aikulunge ndi malata kuti makoswe ndi amphaka asakwere. Zitosi asataye, n'zamphamvu kudimba, koma ziyambe zaola, zaziwisi zimawotcha mbewu.

Dalaiva_wa_M1
A Nkhunda, muli ndi zoyera zija za mchira wotambasuka? Ndikufuna ziwiri.

Nkhunda_Kaomba
Zilipo koma zikufungatira. Ndilembereni kumbali, pano tisasokoneze nkhani ya mayiwa.

Bawo_Master_Lisasadzi
Pa zokonda za ana mwaiwala bawo. Ana a lero ambiri sadziwa ngakhale kuika nkhomo. Mizere inayi, maenje 32, nkhomo 64, basi, safuna batire kapena bandulo. Wopanda thabwa amakumba pansi pa mtengo. Mwana wosewera bawo amawerengera mumtima kuti ndikanyamula apa ndikagonera pati, mnzanga adya zingati. Ine ndinaphunzira kwa amalume, ndipo nkhani zambiri za moyo anandiuzira pa bawo pomwepo, zimene sakanandiuza titangokhala moyang'anana. Bambo wa pakhomopo asemetse bawo, Lamulungu pobwera kutchalitchi akhale ndi mwana wake pakhonde.

Chitete_Girl
Atsikananso mutiphunzitse. Ife mumangotiuza za phada ndi fulaye.

Bawo_Master_Lisasadzi
Bwerani. Mdzukulu wanga wamkazi amandidya masiku ena, ndipo ndimanyadira.

Nachisale_Chulu
Nthanonso zisafe. Kwanga mitambo ikachuluka batire n'kukana, adzukulu amabwera okha kuti agogo tiuzeni ya Kalulu. Ndikati "Padangokhala", onse "Tili tonse", mpaka wamng'ono kugonera pamwendo. Amafunsa mafunso, amatsutsa, amayimba nawo. Sankhani usiku umodzi pa sabata woti TV ipume dala, osadikira mitambo. Apongozi anuwo a NaPhiri ali ndi nthano ndi zilapi zambiri m'mutu, palibe wawafunsa chabe.

Noma_wa_ku_Mtunthama
Usiku umenewo ukhale Lolemba kapena Lachinayi. Lachiwiri ndi Lachitatu kuli Champions League.

NaPhiri_Santhe
Ndabweranso abale. Ndinayamba ndi bambo, ndinawaonetsa zimene analemba a Sola. Anapita kukayang'ana kontirola okha, anapeza kuti m'mawa uliwonse manambala amakhala pansi kwambiri. Pamenepo anamva. Kwa amayi ndinapita monga ananenera agogo a ku Chulu. Anandiyankha kuti bwanji simunanene kale, ndipo sewero lawo tapeza kuti amalibwereza masana. Tsopano tikudya pamphasa TV ili chizimire, kenako mtsikana awerenge. Nkhani za madzulo bambo akumvera pa wailesi panja. Chimene chavuta ndi mbale. Mnyamata akukana, akuti anzake amuseka, ndipo bambo ake sakumukakamiza. Panopa ndikutsuka ndine kuti mtsikana apume. Zamaunda ndamuuza, maso anawala atamva kuti ndalama ndi yake.

Mayi_wa_Mapasa
Mwayamba bwino, koma pa mbalepo musagonje asisi. Mukatsuka inu ndiye kuti ntchito yangochoka kwa mkazi wina kupita kwa mkazi wina. Bambo ake atsuke naye tsiku limodzi, muone ngati adzanenenso za anzake.

Mphunzitsi_KU
Ndipo mayeso akadutsa musadzabwerere m'mbuyo. Ang'ono akewo akubwera m'mbuyomo, azolowere kuti ola limenelo ndi la mabuku. Mtsikanayo Loweruka mumulole asankhe yekha choonera, asamve ngati TV anagulira ena.

Maule_Chatoloma
Za mbale ine sindinagonje, koma za ola la mabuku ndayamba kwanga. Loweruka masana lokha ndiye musandilande, rimoti ndi yanga mpaka mpira uthe.

Mkazi_wa_Telala
Tengani Loweruka lanulo a Maule, koma Scorchers ikamasewera muziyikanso, ana anu aakazi aone. Mu 2023 atsikana amenewo anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2-1, ndipo Temwa Chawinga mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse. Wanga wamkazi chionere zimenezo akusewera mpira kusukulu, nsapato ndamugulira pa kaunjika.

Maule_Chatoloma
Imeneyo ndimayika kale mayi. Tabitha ndi Temwa kwathu timawaonera nyumba yonse, ngakhale mayi a ana amasiya mphika.

Wa_ku_Mkanda
A Sola musanachoke, panelo yanga ndi ya mawati 100, batire 100Ah, koma siyidzaza ngakhale kuli dzuwa. Vuto lingakhale chiyani?

Sola_Nkhamenya
Panelo yachepa pa batire imeneyo ngati mukuonera usiku uliwonse, onjezerani ina. Koma yambani mwaona ngati mthunzi wa mtengo sukugwerapo, ngati yayang'ana kumpoto, ndiponso ngati waya wochokera padenga si wowonda kwambiri. Mundiuze manambala amene kontirola ikuonetsa 12 koloko masana ndi m'mawa musanayatse kanthu.